Chigubu cha Petulo pa Miyendo ya Alamu

Amuna anga atamwalira anandisiyira ana atatu, nyumba ya malata kumapeto kwa tauni ya Milange, ndi pikapu yoyera ya petulo imene inali yokalamba kale pamene ankaigula. Iwo anali makaniko. Ofisina yawo, malo okonzerapo magalimoto, inali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndipo kwa zaka zambiri ine ndinali wowapatsira masipanala, wowapondera buleki akamachotsa mpweya, woliza injini iwo ataweramira mu boneti. Kuyendetsa anandiphunzitsa okha pa bwalo la mpira. Sindinkadziwa kuti ndikuphunzirapo kanthu. Ndinkangoti ndikuthandiza bambo wa ana kuti amalize msanga adzadye.

Maliro atatha, alamu anga, akulu awo a malemuwo, anabwera kudzanena kuti galimotoyo ipite kumudzi kwawo cha ku Molumbo. Anati chuma cha mng'ono wawo sichingatsale m'manja mwa mkazi amene mawa akhoza kukwatiwa kwina. Ndinakana. Tinakangana mpaka akuluakulu a ku tchalitchi analowererapo. Galimoto inatsala, koma kuyambira pamenepo ine ndi alamuwo tinkangopatsana moni wapakamwa tikakumana pa msika. Zaka ziwiri zinatha choncho. Pikapuyo ndinkanyamulira nandolo, nyemba ndi chimanga cha anthu kuchokera ku Majaua, ndipo ndi imene inkadyetsa ana.

Tsiku lina m'mwezi wa Disembala, mvula itangoyamba kumene, foni inalira m'mamawa ndikusesa pabwalo. Anali alamu aja. Anati amayi awo, apongozi anga, anaterereka pachitsime dzulo lake ndipo sakutha kudzuka. Mwendo watembenukira kunja. Nyengo ya mvula minibasi, zimene kuno timati shapa, sizifika kumudziko, ndipo munthu wothyoka m'chiuno sungamukweze pa njinga. Alamuwo sanapemphe kanthu. Anangofotokoza basi. Ndinawauza kuti ndikubwera.

Chimene sindinawauze n'chakuti galimotoyo inali itadwala kwa milungu iwiri. Ukamayenda pang'onopang'ono m'tauni inkalira bwinobwino. Koma ukaiponda moto mwamphamvu, makamaka pa chitunda kapena itasenza katundu, inkayamba kutsamwa. Inkakoka, kenako n'kusiya ngati wina waigwira kumbuyo, n'kukokanso modzidzimutsa, mutu wako n'kumagwedezeka ngati ukuvomera milandu. Makaniko wina wa pafupi ndi msika, amene kale ankagwira ntchito ndi amuna anga, anaimvetsera itaima n'kunena kuti ndi mapulagi. Tinasintha onse anayi. M'tauni mulibe pothamangitsira galimoto, choncho ndinadzinamiza kuti yachira.

Ndinaponya matiresi ndi lona kumbuyo, ndinadzaza thanki, ndinatenganso kachigubu ka malita asanu ka petulo kamene sindiyenda popanda iko, n'kunyamuka. Pa msewuwo pali mtsinje umodzi wopanda mlatho weniweni. Anangoyala simenti pansi, madzi n'kumadutsa pamwamba pake. Kumbali ya ku Milange kuli chitunda chachitali chadothi lofiira, chokhota pakati. Ndikutsika chitundacho m'mawa umenewo ndinadziwa kuti pobwerera ndiyenera kuchikwera ndili ndi wodwala. Madzi anali oyera, osapitirira akakolo. Ndinawoloka, ndipo galimoto inatsamwa kamodzi kokha pa kamtunda ka kutsidya. Ndinauza mtima wanga kuti palibe kanthu.

Apongozi ndinawapeza atagona pa mphasa pakhonde, nkhope itatuwa, milomo itauma. Pa nthawi ya mkangano wa galimoto uja iwo sananenepo kanthu, kaya kundiikira kumbuyo kaya kundidzudzula, ndipo kukhala chete kumeneko ndinali nditakusunga kukhosi. Atandiona anangoti, "Mwabwera, mwananga," n'kutseka maso. Tinazula chitseko cha khitchini, tinawagoneka pamenepo, anthu anayi n'kuwanyamula mpaka pa matiresi. Mwana wawo wamkazi, mlongo wawo wa amuna anga, anakwera kumbuyo kuti aziwagwirizira mwendo. Alamu anakwera kutsogolo n'kudzipanikiza kuchitseko, chipewa chili pa bondo, maso ali kunja. Chakumapiri kumene mtsinje uja umachokera, kumwamba kunali kutada bii.

Poyamba tinayenda bwino, chifukwa ndinkaponda ngati ndikuponda mazira. Koma msewu wa kumeneko sulola ulemu wotere. Pa chitunda choyamba ndinayenera kuipatsa moto, ndipo tili pakati inatsamwa. Inagwedezeka katatu motsatizana. Kumbuyo kunamveka kulira kumene sindinamvepo pakamwa pa munthu wamkulu, kulira kwa munthu amene fupa lake lothyoka lasuntha. Mlongo uja anamenya denga ndi chikhatho.

"Alamu, kumbuyoku kuli munthu," anatero alamu osandiyang'ana. "Si matumba a nandolo."

Ndinawauza kuti si phazi langa, galimoto ili ndi vuto. Anafunsa ngati ndinkadziwa ndisananyamuke. Ndinavomera. Anatembenuka n'kundiyang'ana koyamba tsiku limenelo, ndipo ananena zambiri: kuti ndabwera kudzawaphera mayi awo panjira, kuti galimoto ya mng'ono wawo sinkachita zimenezi mwini wake ali moyo, kuti chinthu chikakhala m'manja mosayenera chimadziwa chokha.

M'malo moyankha ndinayamba kumvetsera galimoto. Pa zitunda ziwiri zotsatira ndinkati ndikaponda moto n'kuyamba kuwerenga chamumtima, m'Chipwitikizi monga anatizoloweza kusukulu. Ndinapeza kuti siinkatsamwa nthawi yomweyo. Inkayamba yakoka bwino, ndi mphamvu zake zonse, ndipo kutsamwa kunkabwera ndikamayandikira khumi. Ndikachotsa phazi kwa kanthawi, inkabwerera mwakale. Apa ndinakumbukira zimene amuna anga ankauza anthu pansi pa mango paja. Ankati moto ukamasowa ku mapulagi, galimoto imadukiza ukangoponda. Koma ikayamba yakoka kaye, ndiye kuti ndi njala: mu kabuleta muli kambale kosungira petulo, ndipo injini ikamamwa mofulumira kuposa mmene petulo akubwerera, kambaleko kamauma. Mapulagi aja ndinasintha pachabe. Galimoto inkasowa mafuta thanki ili yodzaza.

Tinafika pamtsinje dzuwa litapendeka pang'ono. Ndinaima patali ndi madzi, pamalo osatsetsereka, n'kuzimitsa injini. Madzi sanalinso oyera. Anali ofiira, atanyamula timitengo ndi mapesi, ndipo simenti ija sinkaonekanso. Bambo wina ankawoloka kuchokera kutsidya atanyamula njinga paphewa, madzi akumulekeza pakati pa msongolo. Analankhula ndi alamu m'Chilomwe, akuloza kumapiri. Ndinamva zokwanira: kumtunda mvula yakhala ikugwa kuyambira m'mawa, ndipo mtsinjewu ukadzaza umatha masiku awiri usanaphwe.

Alamu anati tiwoloke msanga madzi asanachuluke. Ndinawalozera chitunda cha kutsidya. Chitunda chimenecho sungachikwere monyengerera. Umayenera kuponda moto kuyambira m'madzi mpaka pamwamba, ndipo n'chotalika kuposa kuwerenga khumi katatu. Ndinawauza kuti ikakatsamwa pakati n'kuzima, pa dothi loterera lija buleki sangatigwire. Tidzabwerera chambuyo mpaka mumtsinje, amayi ali kumbuyo. Anayang'ana chitundacho. Kenako anati ndiye tibwerere kumudzi tikadikire. Ndinapita kukawaona apongozi. Thukuta lozizira linali mbwee pachipumi, ntchafu itatupa mpaka kuwala. Mlongo uja anandinong'oneza kuti asiya kuyankha bwino.

Ndinatsegula boneti.

Ndinayamba ndi zosavuta. Ndinatsegula chivindikiro cha thanki ndikutchera khutu, chifukwa kabowo kopumira kakatsekeka thanki imayamwa mpweya ukamatsegula. Sikunamveke kanthu. Ndinayang'ana mapaipi ngati pali lopindika kapena long'ambika. Onse anali bwino. Kenako ndinamasula sefa ya petulo, kabotolo kapulasitiki kamene kamakhala pakati pa thanki ndi pampu. Ndinakakhuthulira m'dzanja. Munatuluka dzimbiri pang'ono ndi timadontho ta madzi. Ndinakatsuka ndi petulo, ndinakapemerera chobwerera, mpweya n'kumadutsa mosavuta. Mtima unafuna kukhulupirira kuti vuto linali lomwelo, koma litsirolo linali lochepa kwambiri. Ndipo ndinalibe mwayi woyesera pa chitunda n'kulakwitsa.

Ndinabwezeretsa sefa, ndinazula paipi imene imalowa mu kabuleta n'kuilowetsa m'botolo la madzi akumwa limene ndinali nditakhuthula. Ndinafunika munthu woliza injini. Alamu sanagwirepo chiwongolero chibadwire. Ndinawakhazika pampando wanga, ndinaonetsetsa kuti giya ili pakati, ndinawasonyeza kopotozera kiyi, n'kuwauza kuti asaponde kalikonse. Anachita monga ndinanenera. Injini inalira ndi petulo wotsala m'kambale kaja, ine n'kumayang'ana m'botolo. Poyamba petulo ankatuluka mwamphamvu, thu, thu, thu. Kenako anayamba kuchepa. Posakhalitsa kunkangotuluka thovu ndi madontho. Ndinakweza dzanja kuti azimitse.

Ndinazula paipi yochokera ku thanki, ndinaipukuta ndi chitenje, n'kuiika pakamwa. Ndinapemerera. Inali yolimba ngati ndikupemerera m'mwala. Ndinakoka mpweya wina n'kukankha mpaka makutu anatseka, ndipo mwadzidzidzi china chake chinagonja. Ndinamva thanki ikubwata kumbuyo. Tinayesanso ndi botolo. Petulo anabwera mwamphamvu, kenako anachepanso monga poyamba. Pamenepo ndinadziwa. Munali chinthu choyandama m'thanki. Pampu ikamakoka pang'ono chinkakhala patali, koma ikakoka kwa nthawi chinkabwera kudzamatirira pakamwa pa paipi, ndipo chinkachoka kukoka kukaleka.

Kudziwa kunalibe phindu lalikulu. Kutsitsa thanki yodzaza pambali pa msewu ndi ntchito ya theka la tsiku, ndipo ndinalibe zida zake. Ndinayang'ana kumtsinje. Mwala umene ndinauika chizindikiro pofika unali utamira. Mphepo yozizira inayamba kuwomba kuchokera kumapiri, ndipo mlongo uja anali atayamba kukoka lona kuti afunditse amayi ake.

Maso anga anagwera pa kachigubu kaja. Ngati vuto lili m'thanki, galimoto ikhoza kumwa kwina. Kuseri kwa mpando ndinkasunga paipi yaitali yopopera mafuta. Nditabwezera paipi ya ku kabuleta ija, mbali imodzi ya paipi yaitaliyo ndinailumikiza ku sefa n'kuimanga ndi waya. Ndinaidutsitsa m'mphepete mwa boneti, kutali ndi paipi ya utsi, n'kuilowetsa pa windo la kumbali ya wokwera. Paipi ina yaing'ono imene imabweza petulo wotsala ku thanki ndinaipinda n'kuimanga, kuti kachigubuko kasathe msanga. Boneti ndinaitseka mosakanikiza n'kuimangirira ndi chingwe. Chotsala chinali munthu woti agwire chigubu chotsegula pa miyendo yake, paipi ili pansi penipeni pa petulo, galimoto ikudumpha m'madzi ndi m'matope.

Ndinawafotokozera alamu. Ndinawauza kuti paipiyo ikangotuluka m'mafuta n'kuyamwa mpweya, injini izima pomwepo. Ndinawauzanso chinthu chimene ndinkaopa kunena. Alamuwo ankasuta, ndipo m'thumba la malaya awo munali fodya ndi machesi.

"Machesiwo musiye pano, alamu," ndinatero.

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Mkazi wa mng'ono wawo anali asanawalamulepo kanthu. Anafunsa ngati ndikudziwadi chimene ndikuchita, kapena ndikungoyesa. Ndinawauza zoona, kuti ndinaonapo amuna anga akuchita zimenezi kamodzi pa lole ya munthu wina, koma ine sindinachitepo. Tili chiimire choncho, kumbuyo kunamveka mawu ofooka. Apongozi anali maso, ndipo anali atamva zonse.

"Iwe, mpatse zimene akufunazo. Ine pano sindigonapo."

Alamu anatulutsa machesi n'kuwaika pamwala pambali pa msewu, bwinobwino ngati adzawapezanso. Anakhala pampando, anapana chigubu ndi mawondo, dzanja limodzi pa chogwirira, lina litagwira paipi. Ndinatsegulanso boneti, ndinamasula paipiyo ku sefa n'kuiyamwa kuti petulo ayambe kuyenda, ndinalavula, ndinalumikizanso n'kutseka. Injini inazungulira nthawi yaitali isanalire, chifukwa kambale kaja kanali kouma, ndipo ndinamva batire ikuyamba kutopa. Pa ulendo wachitatu inagwira. Ndinadikira pang'ono ndikuyang'ana petulo akukwera m'paipi. Madontho oyamba a mvula anagwa pagalasi.

Ndinalowa m'madzi ndi giya yoyamba. Simenti sinkaoneka, choncho ndinalunjika pa chitsa china cha kutsidya chimene ndinkadziwa kuti chimayang'anizana ndi pakati pa simentiyo. Madzi anamenya chitseko cha kumbali yanga, galimoto inasunthira pang'ono chakumunsi, ndinamva matayala akumbuyo akufufuza pogwira. Fungo la petulo linali litadzaza mkati mpaka maso kuwawa. Alamu sankayang'ana kutsogolo. Anaweramira pa chigubu, akuyang'ana mkati mwake ngati munthu woyang'ana m'chitsime.

Matayala akutsogolo atagunda dothi la kutsidya, ndinaponda moto mpaka pansi n'kuyamba kuwerenga. Injini inabangula. Pa zisanu, kumbuyo kunaterereka kupita kumanzere, ndinabweza chiwongolero osachotsa phazi. Pa zisanu ndi zitatu thupi langa lonse linali litauma kudikira kutsamwa kuja. Khumi anakwana. Inapitiriza kukoka. Pokhota paja tayala linagwera mu ngalande yokumbidwa ndi madzi, galimoto inadumpha, petulo anakhavukira pa buluku la alamu, ndipo ndinawaona akukankhira paipi pansi ndi manja onse awiri, chigubu atachipana ndi mawondo okha. Kumbuyo apongozi anabuula. Ndinasiya kuwerenga ndili pa makumi awiri ndi kanthu, chifukwa ndinali nditasokoneza manambala. Matope ankauluka mbali zonse. Kenako mphuno ya galimoto inaweramira kutsogolo, ndipo ndinaona msewu wautali wosalala ndi minda ya chimanga chongomera kumene.

Ndinaima kuti ndione wodwala. Apongozi anali akupumabe. Mlongo uja ankalira mwakachetechete, atawagwirabe mwendo. Nditabwerera kutsogolo ndinapeza alamu ali chigwirire paipi ngakhale injini inali itazima. Anafunsa ngati angaisiye tsopano.

Malita asanu sangafikitse galimoto ku Milange, ndipo sindinafune kubwerera ku thanki, chifukwa kutsamwa kulikonse kunali kupweteka kwa apongozi. Choncho tinkati chigubu chikatsala pang'ono, n'kuima, n'kumasula paipi, n'kupopa petulo kuchokera m'thanki kudzaza chigubu, n'kulumikizanso. Tinachita zimenezi katatu, mvula ikutikuntha. Ulendo wachiwiri alamu anandilanda paipi n'kuyamwa okha. Anameza pang'ono, anakhosomola mpaka misozi, koma ulendo wachitatu anayamwanso iwo. Mawindo tinayenda nawo otsegula njira yonse chifukwa cha fungo, ndipo tonse tinanyowa mbali imodzi. Tinalankhulana zochepa, za chigubu basi: chatsala bwanji, ndiime pati.

Tinafika pachipatala cha ku Milange dzuwa lisanalowe. Anamwino anawatenga apongozi pa machira, ndipo mmodzi anatiuza kuti tikaime panja chifukwa tikununkhitsa chipinda chonse. Alamu anagona kwathu tsiku limenelo, pa mphasa m'chipinda chochezera, atavala buluku la malemu mng'ono wawo chifukwa lawo linali litanyikidwa m'sopo. Pantchafu pawo petulo anali atawawotcha khungu, ndinawapatsa mafuta odzola. Za galimoto sanapepese, ndipo sanaitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Patapita masiku awiri ine ndi makaniko uja tinatsitsa thanki pansi pa mango. Titakhuthula petulo m'beseni, pomalizira penipeni panatuluka kapulasitiki kopyapyala, kozungulira, kakukula ngati chikhatho cha mwana. Kanali kaja ogulitsa petulo m'mbali mwa msewu amaika pansi pa chivindikiro cha chigubu kuti mafuta asatayike. Kanalowa liti, ndipo anakagwetseramo ndani, sindikudziwa. Mwina ndine ndemwe, tsiku lina ndikuthira mofulumira ku Majaua. Makanikoyo anakatembenuza ndi chala n'kupukusa mutu, akuti mapulagi akale aja ndiwasunge, analibe mlandu. Tinatsuka thanki, tinaika sefa yatsopano, ndinamasula kapaipi kaja ndinapinda. Madzulo ake ndinakaiyesa pa chitunda cha kunjira ya ku phiri la Tumbine itasenza matumba khumi a mchenga, ndipo inakwera osadandaula.

Apongozi anakhala m'chipatala milungu ingapo. Fupa linagwirana mokhota, ndipo sanayendenso popanda ndodo. Atatuluka sakanatha kubwerera kumudzi mvula isanathe, choncho anakhala kwathu mpaka mwezi wa Epulo. Sanali mlendo wophweka. Ankadandaula kuti ndiwo zanga n'zamchere, kuti ana amadzuka mochedwa, kuti madzi a pampopi alibe kukoma. Mwana wanga wamkazi wamkulu, amene ankagona nawo chipinda chimodzi, anaphunzira Chilomwe chambiri m'miyezi imeneyo kuposa chimene bambo ake anamuphunzitsa moyo wawo wonse, ndipo mpaka lero akakwiya amakalipa m'Chilomwe, ndi mawu a agogo ake.